Nyemba Zomwe Ndinakwirira Kuseri kwa Nyumba

Ndisanafike n'komwe ku Hewe ndinali nditamva kale kuti mayi amene ndikayandikane naye nyumba ndi mfiti. Anandiuza ndi bambo wina amene tinapanikizana naye kumbuyo kwa pikapu pochoka pa boma la Rumphi, wogula fodya, wovala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Atamva kayankhulidwe kanga anandifunsa kwathu. Ndinati ku Ntcheu, iye n'kunena kuti ndi wa ku Dowa, choncho ndife pachibale ndipo sangandibisire kanthu. Nditamuuza kuti ndine mlangizi wa zaulimi watsopano, anapukusa mutu ngati wamva uthenga wa maliro. Anati nyumba imene ndikukalowamo inamangidwa pamalo a banja lina, mwamuna ndiye anapereka malowo ali moyo, koma mkazi wamasiyeyo, yemwe ndi mayi woyandikana nane uja, akuwafunanso. Mlangizi amene ndikukalowa m'malo mwake anachoka atatupa miyendo, nsapato zosalowa. Anamaliza ndi kundichenjeza kuti ndisadzalawe kalikonse kochokera m'manja mwa mayi ameneyo. Tinatsika tonse pamsika wa Katowo, iye n'kulowera kwake, ndipo sindinamuonenso mpaka lero. Dzina lake sindilidziwa, koma mawu ake ndinakhala nawo m'nyumba miyezi inayi.

Ntchito imeneyi ndinaidikira zaka zitatu nditamaliza maphunziro, ndikugulitsa kaunjika pamsika wakwathu, anzanga amene tinali nawo m'kalasi akundidutsa pa njinga zamoto. Kalata itabwera amayi anavina pabwalo. Atamva kuti anditumiza kumpoto, kufupi ndi malire a Zambia, anakhala pansi n'kuyamba kundiwerengera anthu amene anapita kwa eni n'kubwerako ali m'bokosi. Ndiye tsiku lomwe ndinafika, nditawaimbira foni n'kuwafotokozera za bambo wa jekete uja, anangoti ankadziwa. Ineyo ndinkafuna kuti andiseke, andiuze kuti ndisiye zopusa, koma iwo anasonkhezera moto.

M'mawa mwake ndinamva odi pakhomo. Anali mayi wazaka za m'ma sikisite, wamtali, wamagalasi, atavala chitenje chochapa bwino ndi juzi yobiriwira. Anandipatsa moni m'Chitumbuka, ataona kuti ndangoti kakasi anasinthira ku Chichewa chokoka mawu, chija amayankhula anthu a kumeneko. Anandiuza kuti nyumba yawo ndi yomwe ili kuseri kwa nthochiyo, anali namwino pachipatala cha mishoni mpaka anapuma, ndipo ndiziwatchula kuti amama monga amachitira aliyense. M'manja anali ndi lichero lovindikira ndi kansalu. Munali nyemba zamawangamawanga, mtedza wosasenda ndi dzungu limodzi. Anati kuno mlendo sayambira kumsika, oyandikana naye ndiwo amampatsa poyambira. Ndinagwada, n'kulandira ndi manja awiri, n'kunena mawu awiri okha a Chitumbuka amene ndinkadziwa, yewo chomene. Koma maso anga anali pa maso awo, ndipo ndinaona kuti akuyang'ana denga, kenako zenera, kenako pakona pomwe ndinayala mphasa. Mumtima ndinati ehe, akuwerenga katundu wawo.

Atangochoka ndinatenga khasu. Kuseri kwa nyumba kunali dzenje la zinyalala lomwe mnzanga wotupa miyendo uja anasiya, ndipo m'mbali mwake dothi linali lofewa, losakanikirana ndi phulusa komanso zowola. Ndinakumba pamenepo, n'kukhuthula nyemba ndi mtedza, dzungu n'kuliphwanya ndi khasu, zonse n'kukwirira bwinobwino kuti nkhuku zisafukule n'kundiulula. Lichero ndinalitsuka ndi sopo, n'kuwabwezera ndikumwetulira atabwera kudzalitenga madzulo. Anandifunsa ngati nyembazo zinapsa msanga. Ndinati zinapsa msanga kwambiri, ndiponso zokoma.

Kuyambira pamenepo inali ntchito yanga ya sabata ndi sabata. Amama ankabweretsa, ine ndinkakwirira. Lero chimanga chamakolo, sabata inayo mbatata, kenako nyemba zina zofiira zomwe anati n'zochokera kwa mchemwali wawo wa ku Henga. Ndinkagula zanga pa Katowo, kwa anthu amene sindinkawadziwa n'komwe, n'kumadya mtima uli m'malo, koma za munthu amene ankandipatsa moni m'mawa uliwonse ndinkaziopa ngati njoka. Chilichonse chimene iwo ankachita ndinkachipezera tanthauzo. Akasesa mpaka kudutsa malire a bwalo lawo, ndinkati akutenga dothi la mapazi anga. Akandifunsa kuti lero mukupita mudzi uti, ndinkatchula mudzi wina. Akaimba nyimbo za kutchalitchi akuchapa, ndinkati afiti enieni ndi omwewa, okhala kutsogolo Lamulungu. Tsiku lina anangokhala chete osabwera, ndipo ndinada nkhawa kuposa masiku onse, poganiza kuti zomwe ankakonza zatheka.

Chimene chinanditha mphamvu chinali phulusa. Ndinadzuka m'mawa wina, mwezi wa Okutobala, n'kupeza mzere wa phulusa wozungulira nyumba yanga yonse, kuyambira pakhomo, kudutsa pansi pa zenera, mpaka kubwereranso pakhomo. Mapazi amene anali pambali pa mzerewo anali a patapata za amama, ndinkazidziwa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndikulephera kudumpha. Ndinaimbira amayi, iwo anati ndithire madzi amchere ndipo ndisaponde. Ndinathira mchere wa sabata yathunthu. Tsiku limenelo ndinadula kachingwe, n'kuyeza akakolo anga onse awiri, n'kumanga mfundo pomwe chingwe chinakumana. M'mawa uliwonse ndisanasambe ndinkayamba ndayeza miyendo, kuona ngati yayamba kutupa. Ndikulemba izi ndikuchita manyazi, munthu wa satifiketi ya zaulimi, wodziwa kuyeza asidi wa m'nthaka.

Manthawo sanathere pa amama okha. Anafalikira ngati mpiru wa m'dimba. Ndikapita kumidzi pa njinga yanga yakapalasa ndinkanyamula botolo la madzi, ndipo alimi akandipatsa chindongwa, lomwe ndi thobwa la kumeneko, ndinkati m'mimba simuli bwino. Akandiphera nkhuku ndinkati ndikufulumira. Akaseka m'Chitumbuka ndinkadziwa kuti akuseka ine. Anthu si opusa. Pamisonkhano yanga anayamba kuchepa, amene ankabwera ankakhala patali, ndipo wapampando wa kalabu ina, bambo wofatsa amene ankandimasulira, anayamba kufupikitsa mawu anga mwanjira yomwe inkandikayikitsanso. Ndinkabwerera kunyumba nditakwiya, n'kumati anthu a kuno ndi odzikonda, safuna mlendo.

Tsiku lina ndinkaphunzitsa kapangidwe ka manyowa a m'dzenje pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi zigafa za fodya. Alimi anakana. Anati manyowa amenewo amaitana chiswe, munda wonse umatha. Ndinafunsa kuti ndani mwa iwo anaona zimenezo ndi maso ake. Wina anati anamva kwa mlamu wake, mlamuyo anamva kwa munthu wa kutsidya kwa malire. Mtima wanga ndi wapachala, ndimadziwa, ndipo tsiku limenelo unandipitirira. Ndinawauza kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, kuti munthu wamkulu sataya chaka chathunthu chifukwa cha mawu a munthu amene sakumudziwa n'komwe dzina. Ndinayankhula nthawi yaitali, ndikudzimva kuti ndine wophunzira. Nditamaliza, mayi wina amene anakhala kumbuyo akuyamwitsa mwana anayankhula, osakweza mawu. Wapampando uja anazengereza kumasulira, koma mayiyo anabwereza yekha m'Chichewa.

"Nanga imwe a mlangizi, madzi athu mumakana, chakudya chathu mumakana. Munaona ndani atafa nacho?"

Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka. Ndinatseka kope langa, n'kunena kuti tidzapitiriza sabata yamawa, n'kukwera njinga.

Panjira ndinayamba ndi kumukwiyira mayiyo. Ndinamuyankha mumtima mayankho okoma asanu ndi limodzi, onse ochedwa. Koma nditafika pokwera pomwe ndinkatsika n'kumakankha njinga, funso lake linali lidakali pomwepo, ndipo ndinayesa kuliyankha moona. Ndinaona ndani? Palibe. Mlangizi wotupa miyendo uja sindinamuonepo. Sindinkadziwa ngati anatupadi, ndipo ngati anatupa, matenda otupitsa miyendo alipo ambirimbiri. Zoti amama akufuna malo ndinazimva kwa munthu mmodzi, pa pikapu, fumbi lili m'kamwa. Zina zonse ndinawonjezera ndekha, amayi akundithandiza pa foni kuchokera ku Ntcheu, komwe sanaonepo ngakhale chithunzi cha Hewe. Ndinazindikira kuti m'mutu mwanga munkayankhula anthu awiri, wogula fodya ndi amayi anga, ndipo ine mwini mutu ndinali wongomvera.

Ndinadziikira lamulo. Ganizo likabwera, ndizilimitsa pakhomo monga timachitira ndi munthu wachilendo, ndilifunse komwe lachokera ndi amene walituma. Ndikapeza kuti ndaona ndi maso anga, lilowe. Ndikapeza kuti ndangomva, kapena ndalipanga ndekha, lidikire panja. Kunena n'kosavuta. Ndinayamba ndi phulusa lija, ndipo nditadzifunsa zomwe ndinaonadi m'mawa umenewo, ndinakumbukira chinthu chomwe maso anga anaona koma mutu unakana kusunga. Nyumba ya amama nayo inali ndi mzere wa phulusa, khola la nkhuku zawo chimodzimodzi. Ndipo sabata imeneyo linthumbu linali litatuluka m'nthochi zija. Ineyo ndinaphunzitsapo alimi kuti phulusa limabweza linthumbu. Munthu angadzilodze yekha ndi nkhuku zake zomwe? Koma ndisaname, nditangoganiza choncho mawu ena anayankha msangamsanga kuti ameneyo ndiye mfiti yochenjera, yathira kwawonso kuti usaizindikire. Ndinaona kuti kukayikira kuli ndi yankho pa chilichonse, ndipo ukakupatsa mpata kumadya ngakhale umboni womwe ukukutsutsa.

Ndinasiya kuwauza amayi nkhani za amama. Akafunsa ndinkati zonse zili bwino, n'kuyamba kufunsa za mbuzi zawo. Ndinasiyanso kukwirira. Nyemba zomwe zinabwera pambuyo pake ndinazithira m'chitini n'kuika pashelefu, osadya, osataya, n'kumaziyang'ana ngati wapolisi ndi mkaidi. Kwa alimi ndinayamba kulandira chimanga chootcha, poti chimaotchedwa ndikuona. Pamenepo m'pomwe mphamvu zanga zinathera. Kachingwe kaja sindinakataye, ndipo m'mawa wina, nditapalasa njinga dzulo lake tsiku lonse, mfundo sinakumane pa mwendo wamanzere. Panatsala kampata kochepa, kosalowa n'chala chomwe. Lamulo langa lonse linauluka. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yopempha kuti andisamutse chifukwa cha thanzi. Ndinkadziwa kuti munthu amene sanathe ngakhale theka la chaka pantchito sasamutsidwa wamba, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti akakana ndingonyamula katundu ndibwerere ku kaunjika wanga.

Kumayambiriro kwa Disembala anatiitana ku boma kumaphunziro a sabata zitatu. Mvula yoyamba inagwa tsiku lomwe ndinanyamuka, tikudikira pikapu pa Katowo. Kalata inali m'chikwama. Kawiri konse ndinafika pakhomo la ofesi ya abwana, n'kudzifunsa funso la mayi woyamwitsa uja mwanjira yanga, kuti kodi iwe ukudwala chiyani, ndipo wakuyeza ndani. Miyendo yanga inali yabwinobwino, nsapato zikulowa. Sindinapereke kalatayo. Koma sindinaing'ambenso, ndinati ndikaone kaye zomwe ndikapeze kunyumba.

Ndinafika masana, kutacha bwino mvula itagwa m'mawa. Chigwa chonse chinali chitasintha, anthu ali m'minda, fodya atawokerwa kale. Ndinatsegula nyumba, n'kuona kuti pakona pomwe ndinkayala mphasa panyowa, denga likudontha pamalo omwe amama anayang'ana tsiku loyamba lija. Kenako ndinazungulira kuseri kukataya madzi, ndipo ndinaima ndi beseni m'manja.

M'mbali monse mwa dzenje la zinyalala munali mutamera. Nyemba zinali zitatuluka mothithikana, magulumagulu, malo aliwonse omwe ndinakhuthulapo lichero. Chimanga chinali chofika m'mawondo, mtedza utatambasula masamba, mbatata itaphuka, maungu atayamba kuyala. Zinali zobiriwira kuposa munda wachitsanzo uliwonse womwe ndinalimitsapo, chifukwa ndinazikwirira m'manyowa enieni, pa kuya koyenera, ndi dzanja la mlangizi. Miyezi yonseyi ndinkaganiza za ufiti, osaganizako kamodzi kuti mbewu youma ukaikwirira m'dothi imadikira mvula. Bodza langa lonse linali litamera poyera, sabata ndi sabata, aliyense wodutsa n'kumawerenga. Ndipo wina anali atapalira, atapatulira pomwe panathithikana, atazika timitengo toti nyemba ziyangire, n'kutchinga ndi minga kuti mbuzi zisalowe.

Ganizo loyamba lomwe linabwera linali loti walowa pamalo panga ine kulibe, ndiye kuti wayamba kulima malo ake aja. Ndinaligwira lisanakhale pansi. Ndinalidziwa mawu ake, anali a jekete lachikopa.

Amama anatulukira m'nthochi atanyamula kakhasu. Anandipatsa moni wonse mwadongosolo, za ulendo, za kumaphunziro, za amayi kumudzi. Ine ndinkayankha maso ali pansi. Kenako analoza ndi khasu nyemba zofiira zija n'kunena kuti za ku Henga zimafuna mtengo wautali, zamawanga sizivuta. Mbewu yawo ankaidziwa gulu lililonse. Ndinayamba kunena kuti mwina zinatayikira posesa, koma ndinasiyira pakati, poti ngakhale mwana sakanakhulupirira.

"Ndinadziwa kale, mwana wane," anatero. "Nyemba zimene zija sizipsa msanga. Zimatha nkhuni."

Ndinafunsa chifukwa chomwe anapitirizira kubweretsa. Anayamba apukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. Anati zomwe anthu amanena za iwo pa Katowo amazidziwa, zinayamba amuna awo atamwalira, ndipo mlangizi uja atadwala zinakula, ngakhale kuti ndi iwo amene ankamuyeza magazi n'kumukakamiza kupita kuchipatala. Sanakweze mawu, ndipo sanandipemphe kuti ndiwakhulupirire.

"Mwana wanga wamkazi ndi mphunzitsi ku Nsanje," anatero. "Ali yekha, ngati imwe. Ndikamabwera ndi lichero kuno ndimati mwina uko wina akumupatsako. Tsono nditaona izi zamera, ndakhala ndikuganiza kuti kaya nayenso amakwirira."

Anawerama n'kuzula kaudzu kamodzi pakati pa mtedza, n'kubwerera kwawo. Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa, ndipo ndinalira. Sindinalire chifukwa chogwidwa bodza. Ndinalira poganiza za mayi wina wa ku Nsanje amene mwina akutsukiridwa lichero ndi sopo, komanso za amayi anga, amene akanamva kuti munthu wakwirira nyemba zawo sakanamupatsanso moni mpaka imfa.

Sabata imeneyo lichero silinabwere. Ndinadikira Lachiwiri, Lachitatu, mpaka Loweruka, ndipo ndinadziwa kuti silidzabweranso ndikapanda kupita ndekha. Lamulungu masana, anthu atabwera kutchalitchi, ndinadutsa m'nthochi zija koyamba chifikireni, n'kuodira. Anandiyalira mphasa pakhonde. Ndinawauza kuti ndabwera ndi ludzu. Anandiyang'ana kanthawi, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi jagi ya chindongwa ndi kapu imodzi. Anathira, kenako anakweza kapuyo kupita nayo kukamwa kwawo, monga amachitira mwini nyumba pofuna kuti mlendo aone kuti mulibe kanthu. Ndinawagwira dzanja isanafike pamilomo.

"Musalawe, amama."

Ndinatenga kapu ija. Ndinganame nditanena kuti mantha anali atatha. Wogula fodya uja anali pomwepo m'khutu mwanga, amayi nawonso, onse akukuwa. Ndinawamva, ndinawasiya akuwe, ndipo ndinamwa mpaka pansi pomwe pamatsalira maere. Chinali chozizira, chowawasa pang'ono. Amama anangothiranso ina.

Ku Hewe ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kalata ija sinafike pa tebulo la munthu aliyense. Koma m'mawa wotsatira tsiku la chindongwa, dzanja langa linapita lokha pa msomali pomwe ndinkapachika kachingwe koyezera miyendo. Ndinakagwira, mwendo uli kale pampando. Kenako ndinatsitsa mwendo, n'kutuluka nako kuseri, komwe nyemba imodzi ya ku Henga inali itagwa pamtengo wake, n'kuimangirira.